Jaji walakwanji? Chomwe mayiko amphamvu amakanira khoti la ku The Hague

Tidali titangomaliza kuwerengera ndalama za sosaiti yathu ya maliro ku Mufakose, muno mu Harare, anthu ayamba kupinda mipando, pomwe amalume ena adandikodola. Ndi bambo wachikulire yemwe adachoka ku Dedza mzinda uno ukadali kutchedwa Salisbury. Adandipatsa foni yawo nati: "Mphwanga, iwe umatsata nkhani zakunja, tandimasulire izi. Akuti America yaika majaji pa masankishoni. Ife kuno masankishoni tikuwadziwa, takhala nawo zaka zoposa 20, koma timati ndi a andale ndi makampani. Nanga jaji walakwanji?"

Zomwe adawerengazo n'zoona. Mu Juni 2025 boma la America lidalengeza zilango kwa majaji anayi a ICC, khoti la milandu ikuluikulu la ku The Hague, onse amayi, ndipo awiri mwa iwo ndi a kuno ku Africa: Solomy Balungi Bossa wa ku Uganda ndi Reine Alapini-Gansou wa ku Benin. Mu Febuluwale chaka chomwecho chilango chotere chidali chitagwera kale Karim Khan, mkulu wozenga milandu pakhotilo. Munthu akaikidwa pamndandanda umenewu, chuma chake chomwe chili ku America chimatsekedwa, iye saloledwa kulowa m'dzikolo, ndipo makampani a kumeneko saloledwa kuchita naye malonda. Poti makadi ambiri a kubanki amadutsa m'manja mwa makampani a ku America, chilangocho chimamulondola munthu mpaka kwawo.

Amalumewo ndidawayankha mothamanga tsiku limenelo, ndipo yankho lidaperewera. Funso lawo ndi lalikulu kuposa momwe limamvekera, ndiye ndaliyala pano pang'onopang'ono.

Makhoti ndi awiri mumzinda umodzi

Ku The Hague, mzinda wa ku Netherlands, kuli makhoti awiri omwe mayina awo amasokoneza anthu ambiri. Loyamba ndi ICJ, khoti la bungwe la United Nations, lomwe limaweruza mikangano ya boma ndi boma. Botswana ndi Namibia atalimbirana kachilumba ka mumtsinje wa Chobe, khoti limeneli ndilo lidagamula mu 1999 kuti nka Botswana. Kumenekonso n'komwe South Africa idakasumira Israel mu Disembala 2023. Khoti ili silitsekera munthu m'ndende.

Lachiwiri ndilo la nkhani yathu, ICC, dzina lonse International Criminal Court. Ili siliweruza dziko koma munthu, ndi dzina lake, kaya ndi mkulu wa zigawenga, kazembe wa asilikali kapena pulezidenti. Lidabadwa ndi pangano la ku Rome la pa 17 Julayi 1998, ndipo lidayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi 2002 mayiko 60 atalivomereza. Zomwe zidachitika tsikulo lisadafike silingazikhudze. Lili ndi majaji 18, siligamula kuti munthu aphedwe, ndipo chilango chake chachikulu ndi zaka 30 kapena moyo wonse m'ndende.

Milandu yake ndi inayi yokha: kupha anthu pofuna kufafaniza mtundu wawo, monga zidachitikira ku Rwanda mu 1994, nkhanza zokonzedwa dala zochitira anthu wamba ambiri, ngakhale kulibe nkhondo, kuukira dziko lina popanda chifukwa chovomerezeka, ndi milandu ya pankhondo. Wotsirizawu umadabwitsa ena, poti amati kunkhondo n'kophana basi. Ayi, nkhondo nayo ili ndi malire ake. Msilikali kuwombera msilikali mnzake pomenyana si mlandu. Koma kuwombera yemwe wataya mfuti n'kukweza manja, kuzunza mkaidi, kuphulitsa chipatala mwadala, kugwiririra amayi, kumana anthu wamba chakudya kuti agonje, kapena kulemba usilikali mwana wosakwana zaka 15, zonsezi ndi milandu.

Pa malamulo sakangana, akangana pa woweruza

Apa m'pomwe ambiri timasochera. Timaganiza kuti dziko lomwe likukana ICC likukana malamulo a nkhondo. Sichoncho. Mapangano a ku Geneva a 1949, omwe amateteza ovulala, akaidi a pankhondo ndi anthu wamba, America idawavomereza, Russia idawavomereza, China idawavomereza, Israel idawavomerezanso. Palibe boma lomwe limaima poyera n'kunena kuti kupha ana n'kololedwa.

Ndipo America ndiyo idali patsogolo poyambitsa mwambo wozenga milandu yotere. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, akuluakulu a chipani cha Nazi adaweruzidwa ku Nuremberg, ku Germany, mu 1945 ndi 1946, ndipo wotsogolera kuzenga mlandu kumbali ya America, Robert Jackson, adachenjeza kuti kumwetsa oimbidwa mlanduwo chikho chapoizoni n'chimodzimodzi kuchiika pamilomo ya oweruzawo. Ankatanthauza kuti muyeso womwe akuyesera anzawo udzawayesanso iwo. Mu 1993 America idathandiza kukhazikitsa khoti la milandu ya ku Yugoslavia, ndipo mu 1994 la milandu ya ku Rwanda, lomwe lidakhala ku Arusha.

Koma taonani chomwe makhoti onsewa adafanana. Lililonse lidapangidwa zoopsazo zitachitika kale, lidapatsidwa malo amodzi oti liyang'ane, ndipo olipanga ankadziwiratu mtundu wa anthu omwe adzaimirire m'bokosi. Ku Nuremberg opambana nkhondo ndiwo adaweruza ogonja. Palibe yemwe adafunsidwa za mabomba omwe adagwa pa Dresden kapena pa Hiroshima. ICC idabwera ndi chinthu chachilendo: khoti lokhazikika, losadziwiratu yemwe lidzamuweruze mawa, lomwe wozenga milandu wake angathe kuyamba kufufuza osadikira kuti mayiko akuluakulu amutume. Ku Rome mayiko 120 adavomera, 21 sadaponye voti, ndipo 7 adakana. Mwa okanawo mudali America, China ndi Israel.

Kusaina si kulowa

Ife a masosaiti a maliro izi sizitivuta kumva. Munthu atha kubwera kumsonkhano, kulembetsa dzina m'buku, koma ngati sadapereke ya kulowera ndi ya pamwezi, sali membala, ndipo malamulo a sosaiti samumanga. Mapangano a mayiko ali ndi makwerero awiri otero. Kusaina n'kulembetsa dzina. Kulowa kwenikweni kumabwera dziko likavomereza panganolo motsata malamulo ake, kawirikawiri kudzera kunyumba ya malamulo.

Malawi idalowa mu Sepitembala 2002. Zambia, South Africa, Botswana ndi Namibia nawo ndi mamembala, ndipo mayiko onse omwe adalowa ndi oposa 120. Zimbabwe, komwe tikukhala kuno, idasaina mu 1998 koma sidalowe. Bill Clinton adasainitsa America pa 31 Disembala 2000, kutangotsala masabata atatu kuti achoke pampando, koma sadatumize panganolo kunyumba ya malamulo ya Senate. Mu Meyi 2002 boma la George W. Bush lidalembera United Nations kuti America ilibe cholinga cholowa. Russia idasaina mu 2000 n'kuchotsa dzina lake mu Novembala 2016, patangopita masiku ochepa ofesi ya wozenga milandu itanena kuti Crimea ndi dera la Ukraine lolandidwa ndi Russia. China ndi India sizidasaineko n'komwe.

Munthu angafunse kuti, ngati sali mamembala, akuvutikiranji? Akadangolileka khotilo.

Pomwe pagona mkangano

Ndime 12 ya pangano la ku Rome imati khotilo lili ndi mphamvu pamlandu ngati woimbidwa mlanduyo ndi nzika ya dziko lomwe ndi membala, kapena ngati mlanduwo udachitikira panthaka ya dziko lomwe ndi membala. Mawu achiwiriwa ndiwo gwero la phokoso lonse. Afghanistan idalowa mu 2003. Choncho msilikali wa America yemwe akuganiziridwa kuti adazunza mkaidi ku Afghanistan ali m'manja mwa khotilo, ngakhale kwawo sadalivomereze. Palestine idalowa mu 2015, ndipo pamenepo m'pomwe khotilo lidaimira potulutsa zikalata zomangira Benjamin Netanyahu, nduna yaikulu ya Israel, ndi Yoav Gallant, yemwe adali nduna yake ya zachitetezo, pa 21 Novembala 2024, tsiku lomwenso lidatulutsa cha Mohammed Deif wa gulu la Hamas. Ukraine idavomereza mphamvu za khotilo panthaka yake, ndipo pa 17 Malichi 2023 padatuluka chikalata chomangira Vladimir Putin pankhani yosamutsa ana kuwapititsa ku Russia.

Otsatira khotilo amati apa palibe chachilendo, ndipo ife okhala m'dziko la eni tingawamvetse msanga. Mmalawi akamenya munthu pa Mbare Musika, amamangidwa ndi apolisi a Zimbabwe n'kuweruzidwa ndi majisitireti wa Zimbabwe. Sanganene kuti lamulolo sadalivotere, kapena kuti boma la ku Lilongwe silidalisaine. Mwini nthaka ndiye mwini mlandu. Ndiye ngati Afghanistan ili ndi ufulu woweruza mlendo wolakwira kwawo, ilinso ndi ufulu wopempha khoti lomwe idapanga ndi anzake kuti liweruze m'malo mwake.

Maloya a boma la America amayankha kuti fanizoli lapotoka penapake. Amavomera kuti mwini nthaka angaweruze. Chomwe amakana n'choti mwini nthakayo atenge nzika yawo n'kuipereka kubwalo lachitatu, lomwe dziko lawo silidagwirizane nalo, silisankhako majaji ndipo silingasinthe malamulo ake. Amakumbutsa lamulo lakalekale la pakati pa mayiko loti pangano limamanga okhawo omwe adalivomereza. Amawonjezanso kuti msilikali sapita kunkhondo mwa kufuna kwake ngati wamalonda wodumpha malire. Amatumidwa ndi boma, ndiye kumuweruza iye n'kuweruza mfundo za boma lomwe lidamutuma. Israel imanenanso zofanana, n'kuwonjezera kuti siivomereza kuti Palestine ndi dziko lotha kupereka mphamvu zotere. Majaji a ICC adagamula mu Febuluwale 2021 kuti mphamvu zawo zikufika ku Gaza, West Bank ndi East Jerusalem, koma gamulo la khoti lomwe munthu salivomereza silithetsa mkangano kwa iyeyo.

Ine pamfundo iyi sinditha kunena kuti mbali imodzi ikungobwebweta. Ndi mkangano weniweni wa akatswiri a malamulo. Koma ndimaonanso kuti si wokhawu womwe ukukankha nkhaniyi, poti mfundo yomweyi America sidaikweze pomwe woimbidwa mlandu adali Putin, yemwenso dziko lake si membala. Joe Biden adati chikalatacho n'choyenera, ndipo mu 2023 adalamula kuti boma lake ligawane umboni ndi khotilo. Patatha chaka chimodzi, Biden yemweyo adadzudzula mwamphamvu chikalata cha Netanyahu.

Zomwe wamphamvu amaopa

Choyamba n'chosavuta: woyenda kwambiri ndiye amaponda zambiri. America ili ndi asilikali ku Germany, ku Japan, ku South Korea, ku Djibouti ndi m'mayiko ena ambirimbiri, ndipo yamenya nkhondo kutali ndi kwawo kuposa dziko lina lililonse m'zaka zathu zino. Dziko lomwe asilikali ake sachoka pakhomo silitaya kanthu polowa m'khotilo. Akuluakulu a ku Washington amati adani awo, atalephera kuwagonjetsa ndi mfuti, angagwiritse ntchito khoti powamanga manja, ndipo kazembe yemwe akuopa kumangidwa angazengereze pomwe pafunika kuchita msanga.

Chachiwiri, mlandu wa pankhondo umakwera. Ndime 28 imati mkulu wa asilikali ali ndi mlandu ngati adadziwa, kapena adayenera kudziwa, kuti anyamata ake akuchita nkhanza koma osawaletsa kapena kuwalanga. Mfundo imeneyi America ikuidziwa bwino, chifukwa ndi yomwe idanyongera kazembe wa ku Japan, Tomoyuki Yamashita, mu 1946. Ndime 27 imawonjezera kuti udindo suteteza munthu, ngakhale wa mtsogoleri wa dziko. Ndiye wofufuza akayamba ndi msilikali yemwe adatsekera mkaidi m'chipinda chozizira, safuna kuthera pomwepo. Amafunsa kuti adakulamula ndani, njira imeneyi adailemba ndani, adaisainira ndani. Mafunso otere amakathera m'maofesi a nduna. Ndikhulupirira kuti mantha enieni ali pamenepa, osati pa msilikali wamba.

Chachitatu ndi funso loti wozenga milanduyo amayankha kwa yani. Ku America wozenga milandu amasankhidwa ndi anthu kapena ndi atsogoleri osankhidwa, ndipo malamulo aakulu a dzikolo amapatsa woimbidwa mlandu ufulu woweruzidwa ndi jury, gulu la nzika zinzake wamba. Ku The Hague kulibe zimenezo. Oteteza khotilo amayankha kuti wozenga milandu sangayambe yekha kufufuza popanda chilolezo cha majaji atatu, kuti mayiko omwe ndi mamembala angathe kumuchotsa, komanso kuti America yomweyo imatumiza nzika zake kukaweruzidwa kumayiko opanda jury.

Pansi pa zonsezi pali maganizo omwe dziko lililonse lalikulu lili nawo, oti pamwamba pake pasakhale wina. Kwa America, lingaliro loti jaji wachilendo angagamule za nzika yake limakhudza mbiri ya momwe dzikolo lidadzimasulira kwa mfumu ya ku Britain. China, yomwe imakumbukira zaka zomwe alendo ankaweruza okha milandu yawo panthaka yake, imaumirira kuti za m'nyumba mwake n'zake. Koma si amphamvu onse adakana. Britain ndi France ndi mamembala, ngakhale France polowa idagwiritsa ntchito ndime yolola kuti milandu ya pankhondo ya nzika zake isakhudzidwe kwa zaka zingapo zoyambirira.

"Tidzaweruza tokha"

Kwathu mlandu wa m'banja umayamba ndi ankhoswe. Akalephera umapita kwa nyakwawa, kenako kwa gulupu, ndipo mfumu yaikulu imaumva pokhapokha apansi atalephera kapena atakondera. ICC idamangidwa motero. Ndime 17 imati khotilo lisalowerere ngati dziko likufufuza kapena kuzenga mlanduwo moona mtima. Limalowa pomwe dziko silikufuna kapena silingathe.

Izi zimapatsa dziko lamphamvu chishango chachikulu, ndipo Britain idachigwiritsa ntchito. Mu Disembala 2020 wozenga milandu wa nthawiyo, Fatou Bensouda wa ku Gambia, adati pali zifukwa zokhulupirira kuti asilikali a Britain adazunza akaidi ku Iraq, koma adatseka nkhaniyo poti sadapeze umboni woti boma la Britain lidafufuza mwachiphamaso pofuna kuteteza olakwa.

Nanga America yalekeranji kudalira chishango chomwechi? Chifukwa yemwe amagamula ngati kufufuza kwanu kudali koona si inu, ndi majaji a ku The Hague. Ndipo mbiri yake ili ndi mbali ziwiri. N'zoona kuti makhoti a asilikali a America adaweruzapo anthu awo. Zithunzi za nkhanza za kundende ya Abu Ghraib, ku Iraq, zitatuluka mu 2004, asilikali 11 adapezeka olakwa. Koma onsewo adali a maudindo aang'ono. Pa kuphedwa kwa anthu wamba mazanamazana ku My Lai, ku Vietnam, mu 1968, yemwe adapezeka wolakwa ndi mmodzi, William Calley, ndipo chilango chake cha moyo wonse chidathera pa zaka pafupifupi zitatu ndi theka za ukaidi wa panyumba. Barack Obama adavomereza poyera mu 2014 kuti dziko lake lidazunza anthu ena pambuyo pa chiwembu cha pa 11 Sepitembala 2001, ndipo lipoti la Senate la Disembala chaka chomwecho lidafotokoza njira zomwe bungwe la ukazitape la CIA linkagwiritsa ntchito, koma unduna wa za chilungamo udali utatseka kale kufufuza kwake mu 2012 popanda woimbidwa mlandu. Mu Disembala 2020 Donald Trump adakhululukira alonda anayi a kampani ya Blackwater omwe makhoti a America adawapeza olakwa pa kuphedwa kwa anthu wamba pa Nisour Square ku Baghdad mu 2007. Ena amawerenga mbiri imeneyi n'kuona dziko lomwe limaulula lokha zolakwa zake kuposa mayiko ambiri. Ena amaona dziko lomwe chilungamo chake chimathera pa sajeni.

Zida zokanira

Kukana kwa dziko laling'ono kumathera pa mawu. Kwa lamphamvu kumakhala ndi mano. Mu Ogasiti 2002 America idakhazikitsa lamulo loteteza asilikali ake, lomwe limapatsa pulezidenti mphamvu yogwiritsa ntchito njira iliyonse yofunikira kuti amasule Mmereka wosungidwa ndi khotilo. Otsutsa adalipatsa dzina loti lamulo lokaukira The Hague. Kenako idayendera mayiko limodzilimodzi kuwapempha asaine kuti sadzapereka nzika ya America ku ICC, ndipo pafupifupi 100 adasaina. Ena omwe adakana, kuphatikizapo South Africa, adaimitsiridwa thandizo la zausilikali mu 2003.

Chida chachikulu koposa chili ku New York, ku Security Council, nthambi ya chitetezo ya United Nations. Nthambi imeneyi ingathe kutumiza ku ICC mlandu wa dziko lomwe si membala, ndipo ingathenso kuimitsa mlandu kwa miyezi 12. Koma mayiko asanu okhazikika m'menemo, America, Russia, China, Britain ndi France, lililonse lili ndi veto, mphamvu yoti likangoti ayi, chigamulo chafa. Atatu mwa asanuwa sali m'khotilo. Adalola kuti nkhani ya Darfur ipite ku The Hague mu 2005 ndi ya Libya mu 2011, ngakhale Sudan ndi Libya si mamembala. Ya Syria itabwera mu Meyi 2014, Russia ndi China adaikaniza. Akulu adati khoswe akakhala pamkhate sapheka: wokhala pampando umenewu angatumize mnzake kukhoti lomwe iye mwini sangatumizidweko, ndipo angatchinjirize bwenzi lake.

Masankishoni, omwe amalume aja adafunsa, ndi chida chatsopano. Bensouda adapempha mu 2017 kuti afufuze za ku Afghanistan, kuphatikizapo zochita za Taliban, za asilikali a boma la Afghanistan, za asilikali a America ndi za ndende zachinsinsi za CIA ku Poland, Romania ndi Lithuania. Mu Epulo 2019 adalandidwa viza ya ku America. Majaji a apilo atalola kufufuzako mu Malichi 2020, iye ndi mnzake wa muofesi, Phakiso Mochochoko wa ku Lesotho, adaikidwa pa masankishoni mu Sepitembala chaka chomwecho. Biden adawachotsa mu Epulo 2021. Mu Sepitembala 2021 Karim Khan, yemwe adalowa m'malo mwa Bensouda, adalengeza kuti poti chuma n'chochepa aika patsogolo milandu ya Taliban ndi Islamic State, zinazo azisiya pambuyo. Russia nayo idaika Khan pamndandanda wa anthu ofunidwa ndi apolisi ake mu 2023. Choncho yankho la funso loti jaji walakwanji ndi ili: kwa boma la America, majaji anayi aja adalakwa polola kufufuza za ku Afghanistan kapena posainira zikalata za atsogoleri a Israel, kwa khotilo ndi mamembala ake ambiri, adangogwira ntchito yomwe adalumbirira.

Khoti lopanda apolisi, ndi momwe lidatikhudzira ife

ICC ilibe wapolisi ngakhale mmodzi. Chikalata chake chimadikira kuti dziko lina limange munthuyo, ndipo katundu ameneyu kawirikawiri amagwera mayiko osauka. Amalawi tidazilawa. Omar al-Bashir wa ku Sudan, yemwe khotilo linkamufuna kuyambira 2009, adabwera ku Lilongwe kumsonkhano wa COMESA mu Okutobala 2011, nthawi ya Bingu wa Mutharika, ndipo sadamangidwe. Boma lidati likutsata chigamulo cha African Union komanso mwambo woti mtsogoleri wa dziko samangidwa ali paulendo. Mu Disembala majaji adagamula kuti Malawi yaphwanya pangano. Chaka chotsatira Joyce Banda adakana kuti Bashir abwere kumsonkhano wa African Union, poganiziranso ubale ndi mayiko othandiza Malawi pachuma, ndipo msonkhanowo udasamutsidwira ku Addis Ababa. Kulandira mlendoyo kudali ndi mtengo wake, kumukananso kudali ndi mtengo wake, ndipo wolipira adali Malawi.

Mu Juni 2015 Bashir adafika ku Johannesburg, Robert Mugabe ali wapampando wa African Union, ndipo adanyamuka pandege ngakhale khoti la South Africa lidalamula kuti asatuluke. Putin sadapite kumsonkhano wa BRICS mumzinda womwewo mu Ogasiti 2023, koma mu Sepitembala 2024 adalandiridwa ku Mongolia, dziko lomwe ndi membala. Netanyahu adachezera Hungary mu Epulo 2025, ndipo boma la kumeneko lidalengeza pomwepo kuti likutuluka m'khotilo.

M'makombi a mu Harare mudzamva anthu akuti khoti limeneli ndi la anthu akuda okha. Mawuwa ali ndi pomwe aima. Woyamba kupezeka wolakwa adali Thomas Lubanga wa ku Congo mu 2012, ndipo omutsatira, monga Bosco Ntaganda wa ku Congo ndi Dominic Ongwen wa ku Uganda, ndi a ku Africa. Kufufuza koyamba kunja kwa Africa kudatsegulidwa mu 2016, ku Georgia. Palibe nzika ya America, ya China kapena ya Britain yomwe khotilo lidaiimbapo mlandu. Komabe tisaiwale kuti Uganda, Congo, Central African Republic ndi Mali adaliitana okha khotilo, kuti Laurent Gbagbo, pulezidenti wakale wa Ivory Coast, adapezeka wosalakwa mu 2019, kuti Rodrigo Duterte, pulezidenti wakale wa Philippines, adatengedwa kupita ku The Hague mu Malichi 2025, komanso kuti ana omwe Lubanga adawapatsa mfuti adali ana a ku Africa. Ndikamamva atsogoleri akudandaula za kukondera ndimawamvetsa, koma mtima wanga umapita kwa mayi wa ku Ituri, ku Congo, kapena ku Darfur, ku Sudan, yemwe kwawo kulibe bwalo lina loti akalirireko.

Ndipo kukana woweruza wakunja si khalidwe la mayiko akutali okha. Khoti la SADC lomwe lidali ku Windhoek lidagamula mu 2008 mokomera alimi omwe adasumira boma la Zimbabwe pankhani ya minda. Boma lidati khotilo lilibe mphamvu pa ilo poti chikalata cholikhazikitsa sichidavomerezedwe moyenera. Mu 2010 atsogoleri a SADC adaliimitsa, ndipo mu 2012 adagwirizana kuti khoti lodzabwera lisamamve madandaulo a munthu payekha. Kaya munthu ali mbali iti pankhani ya minda, mfundo yomwe idanenedwa ku Harare ndi yomwe imanenedwa ku Washington: sitidavomere, ndiye simungatiweruze.

Pomwe dziko lamphamvu lafuna kuti mlandu utheke, dzanja la chilungamo limatalika modabwitsa. Ntaganda adadzipereka yekha kuofesi ya kazembe wa America ku Kigali mu 2013, ndipo America idathandiza kuti afike ku The Hague. Ongwen adadutsa m'manja mwa asilikali a America mu 2015. Ndipo pali nkhani ina yomwe idathera mumzinda wathu uno. Protais Mpiranya, mkulu wa asilikali olondera pulezidenti wa Rwanda mu 1994, ankafunidwa ndi khoti la ku Arusha lija, ndipo America idalonjeza mphotho yofika madola 5 miliyoni kwa yemwe angaulule komwe ali. Ofufuza a United Nations adamusaka zaka zoposa 20. Mu Meyi 2022 adalengeza kuti amupeza: adamwalira ku Harare mu 2006 ndipo adaikidwa ndi dzina lina kumanda a Granville, komwe ifenso a sosaiti timaperekeza abale athu.